Mwana wa ku Chilwa Asanyentchere Pakati pa Nsomba ndi Mpunga

Dera la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba, ndi limodzi mwa madera amene amadyetsa dziko lino. Pa doko la Kachulu pamachokera matemba, milamba ndi makumba zimene zimagulitsidwa m'misika ya ku Zomba, ku Limbe ndi kwina kutali, ndipo m'zaka zimene nyanjayi yadzaza bwino, nsomba zake zimafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi muno. Pa sikimu ya Likangala, kwa Mfumu Mwambo, pamachokera mpunga umene anthu a m'tauni amachita kuufunafuna. Koma n'zomvetsa chisoni kuti m'midzi yomweyi, mmene nsomba zimayanikidwa pa thandala tsiku ndi tsiku, muli ana ambiri osakwana zaka zisanu amene sakukula monga mmene ayenera kukulira, ndipo muli amayi amene akutungabe madzi akumwa m'zithaphwi ndi m'ngalande za mpunga. Nkhani ziwirizi, ya chakudya cha ana ndi ya madzi, nthawi zambiri zimakambidwa m'maofesi osiyana. Ife tikufuna kuzikamba pamodzi, pakuti m'mimba mwa mwana zimakumana.

Matenda atatu a kusowa kwa zakudya

Choyamba ndi bwino kuti tonse, makamaka inu aphunzitsi ndi inu ogwira ntchito za Boma m'midzi, tidziwe kusiyanitsa mavuto amene kusowa kwa zakudya m'thupi kumabweretsa. Pali kunyentchera, pamene mwana amaonda mpaka nthiti kuwerengeka ndipo nkhope yake imaoneka ngati ya nkhalamba. Pali kutupikana, pamene mapazi, manja ndi nkhope zimatupa, tsitsi limafiira n'kumasosoka, ndipo mwana amangokhala duu osafuna kusewera kapena kudya. Matenda awiriwa amaoneka ndi maso ndipo amapha msanga. Koma pali lachitatu limene limabisala, ndilo kupinimbira. Mwana wopinimbira amayenda, amasewera, salira kwambiri, koma msinkhu wake ndi wochepa poyerekeza ndi zaka zake. Chifukwa choti ana ambiri m'mudzi amakhala otero, makolo amangoti ndi chibadwa cha pamtundu.

Kafukufuku wa Boma wa za umoyo wa anthu wa m'chaka cha 2010 adapeza kuti ana 47 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno adali opinimbira. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza 37 mwa 100 aliwonse. Kutsikaku kudasonyeza kuti vutoli lingathe kugonjetsedwa, koma m'zaka zotsatira chiwerengerochi sichidatsikenso kwenikweni. Tanthauzo lake ndi lakuti mwa ana atatu aliwonse amene akulembetsa Sitandade 1, mmodzi amafika pakhomo la sukulu atapwetekeka kale. Kupinimbira kumakhudza ubongo pamodzi ndi thupi, ndipo kumachitika makamaka m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Nthawi imeneyi ikadutsa, zimene zaonongeka n'zovuta kuzibweza. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Lipoti la mtengo wa njala m'Malawi, limene lidatuluka m'chaka cha 2015, lidawerengera kuti m'chaka cha 2012 chokha dziko lino lidataya ndalama zokwana K147 biliyoni chifukwa cha kusowa kwa zakudya m'matupi a ana, ndiye kuti kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi a chuma chonse chimene dziko lidapanga chaka chimenecho. Ndalamazi zimatayika kuchipatala, zimatayika pamene ana akubwereza makalasi, ndipo zimatayika pamene munthu wamkulu akulephera kugwira ntchito molimba chifukwa thupi lake lidafooka ali khanda.

Tiyeneranso kunena mosabisa za chikhulupiriro cha tsempho. M'midzi yambiri mwana akatupa, akuluakulu amati wasemphedwa, ndiye kuti bambo kapena mayi wake sadasunge mwambo wa m'nyumba. Banja limayamba kulozana zala ndi kufunafuna mankhwala azitsamba, masiku n'kumapita. Pamene akuganiza zopita kuchipatala, mwana amakhala atafooka kotheratu. Sitikunyoza miyambo ya makolo, koma tikupempha mafumu ndi anankungwi kuti agwirizane pa mfundo imodzi: mwana akatupa mapazi apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo nkhani za m'banja zikambidwe mwana ali kale m'manja mwa adokotala.

Nyanja yopanda potulukira

Nyanja ya Chilwa ndi yachiwiri kukula m'dziko muno, koma ndi yosiyana ndi nyanja ya Malawi. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'nyanjayi, koma palibe mtsinje umene umatulutsa madzi ake. Chilichonse chimene mitsinje yanyamula chimakhala momwemo. Madzi ake ndi amatope, osaya ndiponso amchere pang'ono, ndipo mcherewo umaonjezeka madzi akamaphwa. Mtsinje wa Likangala, umene anthu ambiri a kwa Mwambo amadalira, umayamba wadutsa mumzinda wa Zomba, ndipo umafika kuchigwa utasenza zonyansa za m'tauni. Ngakhale pansi pa nthaka pali vuto, pakuti m'midzi ina yoyandikana ndi nyanja mijigo imatulutsa madzi amchere amene anthu amalephera kumwa kapena kuphikira. Mjigo woterewu umalembedwa m'mabuku kuti mudzi uli ndi madzi abwino, chonsecho amayi adausiya kalekale n'kubwerera kudambo.

Kuonjezera apo, nyanjayi imaphwa. Idaphwa m'chaka cha 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu lidasanduka dothi long'aluka moti anthu ankayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi. Nyanja ikaphwa asodzi amasowa pogwira, ndiwo zimasowa m'nyumba, ndalama zogulira chimanga zimasowa, ndipo zitsime zosaya zimauma. Mvula ikachuluka, monga mmene zidakhalira ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, madzi osefukira amagwetsa zimbudzi n'kuthira zonyansa m'zitsime. Chilala cha 2024, chimene chidachititsa Boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, chidaonjezera njala pamwamba pa zonsezi. Pa chilala ndi pa chigumula pomwe, woyamba kuvutika ndi mwana wa kumsana.

Mbiri ya kolera m'dziko muno ndi yolumikizana kwambiri ndi nyanja imeneyi. Matendawa adalowa m'Malawi koyamba m'chaka cha 1973, ndipo kuchokera nthawi imeneyo akhala akubuka kawirikawiri m'madoko ndi m'zilumba za Chilwa. Asodzi ambiri amakhala miyezi pa madzi m'zimbowera, tinyumba toyandama timene amamanga pakati pa njedza, ndipo madzi amene amamwa ndi omwewo amene amasambamo ndi kudzithandizamo. Akabwerera kumtunda amabwera ndi matendawo kwa akazi ndi ana awo. Kolera itabuka kumapeto kwa 2015, Unduna wa za Umoyo pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières adapereka katemera wakumwa kumayambiriro kwa 2016, ndipo asodzi a m'zimbowera adapatsidwa katemera wachiwiri kuti akamwe okha patapita masabata awiri. Njira imeneyi idathandiza, koma katemera sakhalitsa m'thupi mpaka kalekale ndipo sayeretsa madzi. Mu Malichi 2022 kolera idabukanso m'boma loyandikana nalo la Machinga n'kufalikira dziko lonse. Anthu oposa 50,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira, mliri wa kolera woopsa kuposa yonse imene dziko lino lidaonapo.

Mmene madzi amabera mwana chakudya

Kolera imachititsa mantha chifukwa imapha mofulumira, koma chimene chimafooketsa ana ambiri ndi kutsekula m'mimba kwa masiku onse kumene makolo adakuzolowera, mwina n'kumati ndi mano akumera. Mwana akatsekula m'mimba, chakudya chimadutsa osagwira ntchito m'thupi, ndipo chilakolako cha kudya chimatha. Akachira amakhala wofooka, ndipo thupi lofooka limagwidwanso msanga ndi matenda. Motero matenda amabala kunyentchera, kunyentchera n'kubala matenda. Pamwamba pa izi pali njoka za m'mimba, malungo amene amachuluka m'madambo a mpunga, ndi likodzo limene limatha magazi a ana osambira m'ngalande.

Pali phunziro lina limene akuluakulu okonza mapulani ayenera kulidziwa. Akatswiri adachita kafukufuku wamkulu ku Zimbabwe, ku Kenya ndi ku Bangladesh, ndipo zotsatira zake zidafalitsidwa mu 2018 ndi 2019. Iwo adapeza kuti kupatsa mabanja chimbudzi, posambira m'manja ndi mankhwala othira m'madzi, pazokha, sikudaonjezere msinkhu wa ana. Ana amene adakula bwinoko ndi amene adalandira chakudya choonjezera. Izi sizikutanthauza kuti ukhondo ulibe ntchito. Zikutiuza kuti ntchito yogwira mwatheka siipindula. Mwana amene akukwawa pabwalo podzaza zitosi za nkhuku n'kumaika dothi m'kamwa satetezedwa ndi chimbudzi chokha. Mayi amene amayenda mtunda wautali kuti apeze ndowa imodzi sangataye madziwo posambitsa manja a ana asanu. Chofunika ndi madzi okwanira apafupi ndi nyumba, pabwalo posesa bwino, ndi phala lokhala ndi zofunika m'thupi, zonse pa nthawi imodzi ndi pakhomo limodzi.

Phunziro la ku Chingale

Boma la Zomba silifunika kupita kunja kukaphunzira za madzi a m'midzi, pakuti ntchito imene mayiko ena adabwera kudzaonera kuno idayambira m'boma lomweli. M'chaka cha 1968, ku Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, a chitukuko cha m'midzi adayesa kutenga madzi a mumtsinje wa m'phiri ndi kuwatsitsira kumidzi m'mipope popanda injini kapena mafuta, madziwo akuyenda okha chifukwa cha kutsetsereka kwa malo. Boma lidapereka mipope ndi amisiri, ndipo anthu eni ake adakumba ngalande ndi makasu awo, mudzi uliwonse gawo lake, motsogozedwa ndi mafumu ndi makomiti. Ntchitoyi itaoneka kuti yatheka idafalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi kumaboma ena, ndipo idafikanso kuchigwa cha kum'mawa kwa Zomba, kumene madzi a m'phiri adayamba kutuluka pa mipopi m'midzi imene kale inkamwa madzi amchere. Ngakhale mjigo wa Afridev, umene lero uli m'mayiko ambiri a mu Africa, udachokera ku mjigo wa Maldev umene udayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Cholinga cha mjigo umenewu chidali chakuti anthu a m'mudzi, amayi omwe, azitha kuukonza okha ndi sipanala imodzi.

Chimene chidapangitsa kuti ntchito ya ku Chingale ilimbe ndi chakuti munthu amene wakumba ngalande ndi thukuta lake salola kuti mnzake aboole paipi. Mpopi uliwonse udali ndi komiti yake, ndipo padali oyendera mizere ya mipope amene ankadziwa pamene padontha. M'kupita kwa zaka anthu adachuluka kuposa amene mipopeyo idakonzedwera, mitengo ya m'phiri kumene madzi amachokera idadulidwa, ndipo oyendera aja adachepa. Mipopi yambiri ya kumapeto kwa mizere, imene ndiyo ya midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndiyo idayamba kuuma. Masiku ano masikimu ambiri otere ali m'manja mwa mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi, amene amatolera kandalama pamwezi. Dongosololi ndi labwino pokhapokha ngati ndalamazo zikuwerengedwa poyera ndipo anthu akuona madzi akutuluka. Munthu sapereka msonkho wa mpopi wouma.

Nsomba ziyambe zafika m'mbale ya mwana

Pa nkhani ya chakudya, anthu a ku Chilwa ali ndi mwayi umene a kumtunda alibe. Matemba amadyedwa athunthu, mutu ndi minga yomwe, ndipo motero amapatsa thupi zomanga minofu, zolimbitsa mafupa ndi zoonjezera magazi. Vuto ndi lakuti nsomba zabwino zimapita kumsika, zotsala zimapita m'mbale ya bambo, ndipo mwana wa miyezi isanu ndi itatu amamwetsedwa phala lamadzimadzi la ufa woyera lothira mchere kapena shuga basi, poopa kuti minga ingamutsamwitse. Mankhwala a vutoli ali mumtondo. Matemba ouma bwino akakazingidwa pang'ono, kusinjidwa ndi kusefedwa, amasanduka ufa umene supuni imodzi kapena ziwiri zingathiridwe m'phala la mgaiwa. Tsiku lina muthiridwe nsinjiro, tsiku lina dzira, tsiku lina masamba a nkhwani kapena bonongwe osinja, ndi kadontho ka mafuta ophikira. Phala likhale lolimba losayoyoka pa supuni. Awa ndiwo magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amaphunzitsa, ndipo onse amapezeka m'dera lomweli.

Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyambirira, osapatsidwa madzi kapena dawale, pakuti madzi a m'chikho ndiwo khomo loyamba la matenda. Akayamba kudya apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo, adye kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, ali ndi mbale yakeyake kuti asalimbirane ndi akulu ake. Nyengo yovuta kwambiri ndi ya mvula, pamene nkhokwe zatha, makoka atsekedwa kuti nsomba ziswane, amayi ali kowokera mpunga tsiku lonse, ndipo matenda a m'mimba ali pachimake. Banja lanzeru limasunga ufa wa matemba, mtedza ndi mfutso nyengoyi isanafike. Pa pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo, imene idayamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway, magulu a amayi a ku Kachulu adaphunzira kuumitsa nsomba m'tinyumba ta pulasitiki togwiritsa ntchito dzuwa, mmene ntchentche ndi fumbi sizifikamo. Nsomba zouma chotero ndizo zoyenera kusinjira ana.

Kwa mwana amene wanyentchera kale, thandizo lilipo ndipo ndi laulere. Chiponde cha kuchipatala, chimene chidayesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 2001, chimachiritsa ana ambiri ali kunyumba kwawo, ndipo amene atupa kwambiri kapena akukana kudya amagonekedwa. Chiponde chimenechi ndi mankhwala a mwana wodwalayo. Wochigawira ana ena, kapena wochigulitsa pamsika, akuba moyo wa mwana.

Ntchito ya aliyense

Kwa inu a ku khonsolo ya boma ndi a za madzi, pempho lathu ndi lakuti mvula isanayambe muyendere midzi ya kwa Mwambo, kwa Kuntumanji ndi pa chilumba cha Chisi, ndi kuwerenga mipopi ndi mijigo imene ikutulutsadi madzi omweka, osati imene idalembedwa kuti idamangidwa. Muyezo wa Boma ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250 ndipo munthu asayende mtunda woposa mamita 500. Mjigo watsopano usalandiridwe kwa wokumba madzi ake asanayezedwe mchere. Kumene pansi pali mchere, ndalama zipite ku mipope yochokera kuphiri kapena kumalo a madzi abwino. Zipangizo zokonzera mijigo zipezeke m'magolosale a pafupi, ndipo a za nkhalango ateteze mitengo ya kumagwero a mitsinje, pakuti mpopi wa ku Kachulu umayambira pa phiri la Zomba. Pa madoko pakhale zimbudzi zolimba ndi kalolini woti asodzi azitenga popita ku zimbowera.

Alangizi a zaumoyo, amene ntchito yawo idakula kuchokera kwa anthu amene Boma lidalemba kuti alimbane ndi kolera m'zaka za m'ma 1970, ndiwo maso a Unduna m'mudzi. Apatsidwe njinga, masikelo ndi timalamba toyezera mkono, ndipo aphunzitse mayi aliyense kuyeza yekha mwana wake. Kalamba kakafika pofiira, ndiye kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, kapena chala chikadinda pamwamba pa mapazi onse awiri n'kusiya dzenje, mwanayo apite kuchipatala msanga. M'nyumba iliyonse mukhale paketi ya Thanzi, ndipo mayi adziwe kuisungunula mu lita imodzi ya madzi otetezedwa.

Kwa inu aphunzitsi, dziwani kuti mtsikana ndi mnyamata amene ali mu Sitandade 7 lero adzakhala kholo zaka zochepa zikubwerazi, ndipo ngakhale panopa ndi iwo amene amalera ana pamene amayi ali kumunda. Zimene mukuphunzitsa za ukhondo zioneke pa sukulu pomwepo. Pakhomo la chimbudzi pakhale mpondagiya wokhala ndi madzi ndi sopo kapena phulusa. Ndowa ya madzi akumwa ikhale yovundikira, ndi kapu yotungira yosiyana ndi yomwera. Kumene kuli phala la pasukulu, lionjezeredwe ndi dimba la masamba ndi mitengo ya zipatso. Uzani anyamata kuti kukodza magazi ndi matenda a likodzo, si chizindikiro cha kukula, ndipo pa tsiku lolandira mankhwala pasakhale wothawa. Mwana amene akugona m'kalasi kapena kubwereza kawiri musafulumire kumutcha mbuli. Funsani chimene wadya, ndipo nkhaniyo ifike ku komiti ya sukulu ndi kwa mlangizi wa zaumoyo.

Kwa mafumu ndi abambo, mawu athu ndi achidule. Nyakwawa ili ndi mphamvu yoonetsetsa kuti nyumba iliyonse ili ndi chimbudzi chotalikirana ndi chitsime, ndi kuti komiti ya mjigo ikuwerenga ndalama pamaso pa mudzi. Msodzi asanagulitse nsomba zonse kwa ogula a m'tauni, apatule mbale ya ana ake. Bambo kuperekeza mwana ku sikelo si chamanyazi.

Makolo a ku Chingale adakumba ngalande zawo alibe galimoto kapena makina, ndipo madzi adafika. Mbadwo uno uli ndi chiponde, katemera, kalolini ndi mphamvu ya dzuwa yopopera madzi, zimene iwo adalibe. Mutu umodzi susenza denga. A za madzi, a zaumoyo, a zaulimi, a za nsomba ndi a za maphunziro akhale pansi pamodzi ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja, agawane midzi, ndipo chaka chikatha abwerenso adzauze anthu kuti mipopi ingati yayambanso kutuluka madzi ndi kuti ana angati achoka pa mzere wofiira.